"By accident": ngozi yogwa yokha ndi ngozi yochita kupanga



Atandipempha kuti ndidzalankhule za mawu a Chingerezi, anzanga ku ntchito adaseka. Adati: "Iwe sukulu ya ukachenjede udaithawa uli m'chaka chachiwiri, ndiye lero ukaphunzitse Chingerezi anthu amene adakhala ku Mangalande?" Adanena zoona ndithu, kungoti ine sindidathawe, fizi ndiyo idandithawa. Choncho sindaima pano ngati mphunzitsi ayi. Ndine mtolankhani amene tsiku ndi tsiku amapatsidwa chikalata cha m'Chingerezi kuti achitembenuzire m'Chichewa nyuzi isanapite kosindikiza. Pa ntchito imeneyi pali mawu awiri amene andivutitsa kuposa ena onse. Mawuwo ndi "by accident".

Tiyambe ndi tanthauzo lake. Mngerezi akati chinthu chachitika "by accident" akutanthauza kuti palibe amene adachikonza kapena kuchifuna. Ife timati mwangozi. Liwu loti "accident" si la Chingerezi chenicheni. Lidachokera ku Chilatini, kudzera m'Chifalansa, ndipo lidalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300. Muzu wake ndi "cadere", kutanthauza kugwa. Ndiye kuti "accident" ndi chinthu chokugwera. Apa Mlatini ndi Mchewa akugwirizana ngati adapangana. Ife tikaona anthu asonkhana pakhomo timafunsa kuti "kwagwanji?" Pa maliro timati "zatigwera". Chinthu chogwa chimachokera kumene sunayang'ane, ndipo sichipempha malo. Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma.

Koma pali kusiyana kumene otembenuza nkhani timapunthwapo. Kwa ife liwu loti ngozi limanunkha magazi. Kwa Mngerezi "by accident" ikhoza kukhalanso nkhani yokoma. M'chaka cha 1928, Alexander Fleming, pa chipatala cha St Mary's ku London, adabwerako ku tchuthi n'kupeza kuti kambale kena momwe ankasungiramo tizilombo toyambitsa matenda kachita chuku, ndipo tizilombo tonse toyandikira chukucho tafa. Umu ndi momwe mankhwala a penisilini adadziwikira. Mabuku a Chingerezi amati adawatulukira "by accident". Mukalemba kuti Fleming adachita ngozi, agogo kumudzi afunsa ngati adapulumuka. Pamenepo Chichewa chabwino n'chakuti adawatulukira mwamwayi, kapena mosayembekezera.

Mawuwa alinso ndi abale ake amene sitiyenera kuwasokoneza. Pali "by chance", amene ndi mwamwayi, monga kukumana ndi mnzako wakalekale pa depoti ya basi ku Wenela. Palinso "by mistake", amene ndi molakwitsa. Kusiyana kwa "by mistake" ndi "by accident" n'kofunika zedi, ndipo ndikupemphani kuti mukusunge. Munthu akatenga chikwama cha mnzake m'basi poyesa n'chake, watenga "by mistake": kutenga adafuna, koma waphonya chikwama. Akachigwetsa pansi ndi chigongono potuluka, wagwetsa "by accident": kugwetsako sadafune n'komwe. Tsono mukamva mneneri akunena kuti munthu adawomberedwa "by mistake", dziwani kuti wavomera kuti mfuti idalozedwa dala, kungoti idalozedwa kwa munthu wina. Akati "by accident" akukana zonse, akuti mfuti idalira yokha.

Chimodzimodzinso "in an accident" ndi "by accident" si chinthu chimodzi. Woti wafa "in an accident" wafa pa ngozi, monga ya galimoto kapena ya bwato. Woti waphedwa "by accident" alipo amene wamupha, koma akuti sadafune. Kaliwu kakang'ono ka pakatiko kamasintha mlandu wonse.

Mawu otsutsana ndi "by accident" ndi "on purpose", kapena kuti mwadala. Wina adandifunsapo chifukwa chake kwina amati "by" pamene kwina amati "on". Yankho n'lakuti ndi chizolowezi chabe cha eni chilankhulo, ndipo ngakhale eni akewo chawasokoneza. Inu amene muli ndi zidzukulu ku America mwina mudazimva zikunena kuti "on accident", n'kuzidzudzula. Mu 2006, Leslie Barratt, katswiri wa zilankhulo pa yunivesite ya Indiana State, adafufuza nkhaniyi ndipo adapeza kuti anthu obadwa chisanafike chaka cha 1970 amati "by accident", pamene ambiri obadwa cha m'ma 1995 kupita m'tsogolo amati "on accident". Zikuoneka kuti anawo adangofananiza ndi "on purpose". Kuno kwathu, kumene sukulu zimatsata Chingerezi cha ku Britain, mwana akalemba "on accident" pa mayeso a Fomu 4 amuthetha. Choncho polemba gwiritsani "by accident", koma mdzukulu wa ku America musamukalipire kwambiri.

Angerezi ali ndi kanthabwala kena kamene kakhala m'chilankhulo chawo zaka zoposa 200: "accidentally on purpose". Uku ndi kuchita chinthu mwadala koma mooneka ngati mwangozi. Mpongozi amene sakondwera ndi mbale imene mkamwini adabweretsa amaigwetsa "accidentally on purpose". Kwa iwo ndi nkhani yoseketsa. Kwa ife kuno sidakhale yoseketsa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhazikika.

Ndisanapitirire, tiyeni tione chida chimene Chichewa chili nacho pa nkhani yomweyi. Mwana akaswa kapu sabwera kudzati "ndaswa kapu". Amati "amayi, kapu yasweka". Onani mmene verebu yasinthira. "Ndaswa" ali ndi mwini. "Yaswedwa" mwini wabisala, koma tikudziwa kuti alipo. "Yasweka" mwini palibe, kapu yangodzionera yokha tsoka. N'chimodzimodzi ndi ndalama zatayika ndi ndalama zatayidwa, nyumba yagumuka ndi nyumba yagumulidwa, galimoto yagubuduzika ndi galimoto yagubuduzidwa. Zimene Mngerezi amachita ndi "by accident", ife timachita ndi kamchira ka verebu. Mwana wa zaka zinayi amadziwa kale kusankha kamchira kamene kamupulumutse ku chikwapu. Boma nalo limadziwa.

Pa 17 Meyi 1983, apolisi adagwira anthu anayi ku Zomba pochokera ku Nyumba ya Malamulo. Anthuwa adali a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party. A Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati. A Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo. Ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Adawagoneka ku ndende ya Mikuyu. Pa 18 Meyi adapita nawo ku Thambani, m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique. Dziko lidauzidwa kuti anthuwa adafa pa ngozi ya galimoto pothawa m'dziko muno. Galimoto, Peugeot 604, idagubuduzika. Mawu ake adali omwewo: "road accident".

Ine ndidali ndisanabadwe. Ambiri mwa inu mudamva nkhaniyi pa wailesi, ena muli kuno, ena muli kunja. Amene mudali kuno mukudziwa kuti panalibe wofunsa funso. Kwa zaka 11 liwu loti ngozi lidaima pakhomo ngati mlonda, osalola munthu kusuzumira m'kati. Boma litasintha mu 1994, a Bakili Muluzi adakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, ndipo lipoti lake lidatuluka kumayambiriro kwa 1995. Komitiyo idapeza kuti anthu anayiwa adaphedwa ndi apolisi pomenyedwa m'mutu, kenaka mitembo yawo idaikidwa m'galimoto imene idakankhidwira kuphedi. Galimoto ija sidagubuduzike. Idagubuduzidwa.

Tinene zonse, pakuti chilungamo chimafuna zonse. Dr Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wopangana za imfazi, ndipo mu Disembala 1995 bwalo lidawapeza osalakwa. Boma lidachita apilo, koma mu 1997 bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chigamulo choyamba. Mkangano m'bwalomo udali pa funso lakuti adalamula ndani. Zoti anthuwa adachita kuphedwa sizidalinso zokanika. Liwu loti ngozi lidafera pomwepo.

Komatu anthu wamba sadadikire komiti kuti adziwe. Pamene pakamwa padali potsekedwa, Amalawi adachita chinthu chimene aphunzitsi a galamala sadawaphunzitse. Adatenga dzina loti "accident" n'kulisandutsa verebu: "to accidentalise". Munthu wakuti "was accidentalised". Mawu amenewa mudzawapeza m'zolemba za Amalawi okamba za nthawi imeneyo, ndipo mmodzi mwa amene adawafikitsa kutali ndi mlakatuli Jack Mapanje, amene adakhala m'ndende yomwe ija ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Taonani nzeru yake. "Accident" ndi chinthu chopanda mwini. Ukachipatsa kamchira ka verebu, wachipatsa mwini. Sunatchule dzina la munthu aliyense, sunatukwane boma, koma wanena kuti pali dzanja. M'Chichewa tingati anamuchititsa ngozi, kapena anamukonzera ngozi. Ngati pali mphatso imene Malawi adapereka ku Chingerezi, ndi liwu limeneli, ndipo ndi mphatso yomvetsa chisoni.

Sitidali tokha. Inu amene mudakhala ndi anzathu othawa ku South Africa mukudziwa nkhani ya Imam Abdullah Haron wa ku Cape Town, amene adafera m'manja mwa apolisi mu Sepitembala 1969 atasungidwa masiku 123. Apolisi adati adagwa pa masitepe, ndipo bwalo la nthawi imeneyo silidapeze wolakwa. Mu 2023, patapita zaka 54, bwalo lalikulu lidaunikanso nkhaniyi n'kugamula kuti adafa kamba kozunzidwa. Mlandu suola, koma umachedwa, ndipo amene adaulirira ambiri amapita usanathe. Ku Italy, mu Disembala 1969, Giuseppe Pinelli, wogwira ntchito za njanji, adagwa kuchokera pa zenera la ofesi ya apolisi ku Milan akufunsidwa mafunso. Chaka chotsatira Dario Fo adalemba sewero limene m'Chingerezi limatchedwa "Accidental Death of an Anarchist", ndipo liwu loyambalo adaliika monyoza. Kulikonse kumene olamula safuna mafunso, anthu amagwa pa masitepe ndi pa mazenera, ndipo magalimoto amagubuduzika okha.

Chifukwa chiyani liwu limeneli amalikonda chotere? Chifukwa limatseka mlandu lisanautsegule. Buku lathu la malamulo a milandu, Penal Code, limanena kuti munthu saimbidwa mlandu pa chinthu chimene chachitika mwangozi, kupatula pamene pali kusasamala. Ndiye kuti amene wayamba kufuula kuti "ngozi" wadzipatsa kale chigamulo. Apa ife a nyuzi ndi a wailesi tili ndi vuto lina. Mlandu umene Angerezi amati "manslaughter" timautembenuza kuti kupha munthu mwangozi. Koma munthu amene wamenya mnzake ndi botolo ku bala, mnzakeyo n'kufa, sadachite ngozi. Kupha mwina sadafune, koma kumenya adafuna. Ikadakhala ngozi yeniyeni sakadapita ku ndende. Tikamati mwangozi tikuchepetsa mlandu m'makutu mwa omvera. Bwenzi tikumati kupha munthu osalinga kupha, ngakhale mawuwo ndi aatali.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ndale zokha. Ineyo liwuli lidandichititsapo manyazi. Nditangoyamba ntchito, minibasi ina idalephera kuima pamtsetse n'kupha anthu. Ndidalandira chikalata, ndidatembenuza, ndipo mutu wa nkhani udali woti anthu afa pa ngozi ya minibasi. Patapita masiku atatu ku ofesi kudabwera mayi wina wachikulire, chitenje chakuda, nyuzi ili m'manja. Adafunsa amene adalemba. Nditaimirira adandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwana wanga, walemba kuti ngozi. Minibasi imeneyo tonse timaidziwa. Pa siteji iliyonse kondakitala amatsika kukaika mwala kutayala chifukwa mabuleki adatha kalekale. Mwini wake amadziwa, dalaivala amadziwa. Mwana wanga wafa. Ngozi yake iti?" Ndidasowa choyankha. Mwini minibasi sadandipatse ngakhale tambala, koma ndidamugwirira ntchito ya uloya kwaulere ndi liwu limodzi.

Pambuyo pake ndidazindikira kuti eni Chingerezi nawo adayamba kale kulikayikira liwuli. Mu 2001, magazini ya madokotala ya ku Britain, British Medical Journal, idalengeza kuti yaletsa liwu loti "accident" m'nkhani zake, kamba koti zambiri zimene timati ngozi zimaonekera patali ndipo zikhoza kupewedwa. Mu 2016, bungwe la atolankhani la Associated Press ku America lidalangiza olemba ake kuti pamene pali kusasamala, kapena wina akunena kuti kudalipo, asalembe "accident" koma "crash" kapena "collision", kutanthauza kugunda kapena kuwombana. Mawu amenewa amangonena chimene chachitika, chigamulo n'kusiyira bwalo. Ife tili nawo kale mawu otere: yagunda, zawombana, yagwera mumtsinje, yapsa. Sitisowa kubwereka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za kale, za chipani chimodzi, zidatha ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ndikadakonda zikadatero. Mu Sepitembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira pa Polytechnic ku Blantyre, adapezeka atafa pa sukulupo. Apolisi adati adadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Komiti yofufuza ya mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Apa sadati ngozi, koma kamangidwe ka bodza ndi komweko: chotsa dzanja la wina, siya munthu agwe yekha.

Tsono pali chinthu china chimene bodza lotere limaononga, ndipo ichi ndi chimene chimandiopsa kwambiri. Limapha liwu lenilenilo. Ngozi zenizeni zilipo. Tsoka silinunkha. Matayala atsopano amaphulika, mphenzi imagwa, madalaivala osamala amawodzera. Koma mtundu umene udanamizidwapo ndi liwu loti ngozi sulikhulupiriranso ngakhale litanenedwa moona. A Dunduzu Chisiza adafa pa galimoto pa Thondwe mu Sepitembala 1962, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana za imfa imeneyo. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali idagwa ku Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Komiti yofufuza idanena mu Disembala chaka chomwecho kuti sidapeze umboni wa chiwembu, ndipo idaloza ku nyengo yoipa ndi zofooka za anthu. Anthu ambiri sadakhutire. Ine sindaima pano kuti ndigamule nkhani imeneyo. Chimene ndikunena n'chakuti m'makutu mwa Mmalawi, liwu loti ngozi likatuluka pakamwa pa boma limadutsa kaye ku Thambani. Imeneyi ndi ngongole imene mabodza a 1983 adatisiyira, ndipo boma lililonse lidzailipira mpaka litaphunzira kuika umboni wonse poyera, msanga, popanda kukakamizidwa.

Pali mbali ziwiri zimene tingagwere. Ina ndi kumeza chilichonse chimene mneneri wanena. Ina ndi kuona mfiti ndi chiwembu pa imfa iliyonse, mpaka kuloza chala anthu osalakwa. Kumudzi tidaona agogo akuthamangitsidwa chifukwa mwana wafa ndi malungo ndipo abale akana kuti imfa ingangobwera yokha. Amene amati zonse ndi ngozi ndi amene amati palibe ngozi, onsewo ndi aulesi, pakuti onse safuna kufufuza.

Choncho ndili ndi mapempho atatu, ndipo ndikhala pansi. Kwa atolankhani anzanga: tisamalembe kuti ngozi pa tsiku loyamba. Tilembe chimene chaoneka, kuti basi yagwera mumtsinje, kuti nyumba yapsa, kuti munthu wapezeka atafa. Ngati mneneri wanena kuti ndi ngozi, tilembe kuti watero ndi mneneri, liwulo likhale lake, osati lathu. Kwa inu owerenga: mukamva "by accident", kapena mwangozi, kapena verebu ya kamchira kaja koti yasweka, zatayika, zasokonekera, funsani mafunso atatu. Adaona ndani? Adayeza ndani? Liwuli likupulumutsa ndani? Ngati mayankho alipo ndipo ndi omveka, vomerani kuti ndi ngozi, mulire maliro mumtendere.

Pempho lomaliza ndi la kwa inu akuluakulu amene mudabwerako kunja, ndi inu amene mudapirira muli konkuno. Ife obadwa pambuyo pa riferendamu liwu loti "accidentalised" timaliwerenga m'mabuku. Inu mudalinong'ona. Mukudziwa amene adalinena koyamba m'makutu mwanu, ndi chipinda chimene mudatseka chitseko musanalibwereze. Tiuzeni nkhani zimenezo mukadali moyo, ndipo mutiuze m'Chichewa, ndi verebu yoyenera. Amene adafa munene kuti adafa. Amene adaphedwa munene kuti adaphedwa.